Blackmar-Diemer Gambit: Kupereka Msilikali Kuti Mugule Nthawi

Moni nonse okonda chesi. Taganizirani masewera awa: wa zoyera wayamba ndi d4 (kukankhira msilikali, kapena kuti pawn, pa bokosi lotchedwa d4), wa zakuda wayankha ndi d5, ndipo pa kusuntha kwachiwiri wa zoyera akukankhira msilikali pa e4, pamene angadyedwe kwaulere. Uku si kulakwitsa ayi. Ndi chiyambi chotchedwa Blackmar-Diemer Gambit.

Armand Blackmar wa ku New Orleans ndiye analemba za njirayi mu 1882, koma iye ankasewera f3 nthawi yomweyo msilikali akangodyedwa, ndipo anthu anapeza kuti wa zakuda akayankha ndi e5 zinthu zimamuyendera bwino. Emil Josef Diemer wa ku Germany, amene anathera moyo wake akulalikira chiyambichi, ankayamba watulutsa kavalo pa c3, kudikira kuti kavalo wakuda afike pa f6, kenako n'kusewera f3. Onani kusiyana kwake: tsopano e5 ikabwera, msilikali wanu, inu wa zoyera, amadya pa e5 n'kuopseza kavalo uja pomwepo.

Wa zakuda akadya pa f3, inu mumabwezera ndi kavalo. Mwatsalira m'mbuyo ndi msilikali mmodzi, koma akavalo anu onse atuluka, mabishopu ali ndi njira, ndipo mukabisa mfumu kumbali yaifupi (castling), rook yanu, kansanja kamene kamayambira pakona, imayang'ana mzere wa f umene watseguka. Kawirikawiri bishopu amakhala pa d3, ndipo mfumukazi imadutsa pa e1 kupita pa h4 kukasaka h7.

Pali msampha umene ndimaukonda kwambiri, wa Halosar. M'malo mwa kavalo, mumadya pa f3 ndi mfumukazi, n'kusiya d4 kuti idyedwenso ndi mfumukazi yakuda. Bishopu wanu apita pa e3, mfumukazi yakuda ithawira pa b4, inu mubisa mfumu kumbali yaitali, iye abweretsa bishopu pa g4 poganiza kuti wakupanani. Pamenepo kavalo alumphira pa b5! Wa zakuda akadya mfumukazi yanu, kavaloyo adya pa c7 ndipo masewera atha, chifukwa rook ya pa d1 yatseka mzere wonse wa d.

Ndinene mosabisa kuti makompyuta sachikonda chiyambichi, ndipo wodziwa kudziteteza ndi c6 kapena e6 akhoza kusunga msilikali wake mpaka kumapeto. N'chifukwa chake ndimachisewera makamaka m'masewera othamanga, ndipo ndimapewa kusinthana mfumukazi, popeza zikachoka pa bolodi, chiwembu changa chonse chimazilala.