Kulipira mpando wa kutsogolo pa bwalo la ndege: zimayenda bwanji, ndipo n'zoyenera liti?

Takulandirani nonse owonera, kulikonse kumene muli. Amene munakwerapo ndege mukuidziwa katani ija imene ogwira ntchito amatseka ndege ikangonyamuka, kulekanitsa mipando ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kumene ambirife timakhala. Kutsogoloko ndi kalasi ya bizinesi, ndipo tikiti yake imadula kangapo konse poyerekeza ndi ya ekonome. Komabe pali khomo lina lolowera kumeneko limene apaulendo ambiri salidziwa, lomwe ndi kulipira ndalama yowonjezera pa tsiku la ulendo lenilenilo, pa kauntala pomwe mukuwonetsa pasipoti ndi kupereka zikwama zanu.

Kuti timvetse chifukwa chimene kampani ya ndege ingalolere kugulitsa mpando wodula pamtengo wotsika, taganizirani za mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lizulu dzuwa likulowa. Mulu umene m'mawa amaukakamira pamtengo, madzulo amauchotserako, chifukwa akudziwa kuti mawa udzakhala utafewa. Mpando wa m'ndege umawonongeka msanga kuposa tomato, pakuti chitseko chikangotsekedwa, mpando wopanda munthu subweretsanso ngakhale tambala imodzi pa ulendo umenewo. Kusiyana kwake n'kwakuti kampani siingatsitse mtengo mwachisawawa, chifukwa ikatero, amene amagula tikiti ya bizinesi pamtengo wathunthu angayambe kudikira tsiku la ulendo. N'chifukwa chake mtengo umenewu sukhazikika ndipo salonjeza kuti udzapezeka. Umatuluka pa kompyuta malinga ndi mipando imene yatsala, ndipo mayi kapena bambo wa pa kauntala alibe mphamvu yousintha, kotero kunenerera sikuthandiza.

Mwayiwu umabwera m'njira zingapo. Makampani ena amatumiza uthenga wa pa imelo kutatsala masiku ochepa, kukuuzani kuti mutchule ndalama imene mungapereke. Zimafanana ndi okushoni wa fodya ku Kanengo, kungoti pano simuwona zimene anzanu atchula, ndipo khadi lanu amalidula pokhapokha mukapambana. Ena amaika mtengo pa foni pamene mukutsimikiza ulendo wanu pa intaneti. Amene amasunga mamailosi, mapointi amene kampani imapereka kwa okwera ndege zake, monga a ShebaMiles a kampani ya Ethiopian Airlines, angathe kulipira ndi mamailosiwo. Njira ya pa kauntala ndiyo yomaliza, ndipo imadalira kuti anthu onsewa asiya mpando.

Tsopano tifike pa mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritse. Kukweza kalasi kumagulitsidwa pa gawo limodzilimodzi la ulendo, ndipo magawowo salingana phindu. Munthu wochoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kupita ku London nthawi zambiri amadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi 4, ndipo kupita ku Johannesburg ndi maola awiri ndi theka basi. Ngati ndege yake ndi yopapatiza, monga Boeing 737, mpando wa bizinesi ndi wotakasuka ndithu, umapendekera kumbuyo, koma subwera kukhala bedi. Kuchoka ku Addis Ababa kupita ku London ndi maola pafupifupi 8, usiku, ndipo pa ndege zazikulu ngati Airbus A350, mpando wa kalasi imene Ethiopian amaitcha Cloud Nine umatambasuka mpaka munthu kugona chagada ngati ali kunyumba. Kwa amene akukafikira pa msonkhano kapena pa ntchito m'mawa womwewo, kwa agogo amene msana ndi maondo zimawavuta, kapena kwa wodwala amene akuchokera ku opaleshoni ku India, tulo timeneti n'tamtengo wapatali. Ine kuwona kwanga, ngati ndalama ikukwanira gawo limodzi lokha, isungireni gawo lalitali la usiku.

Izi ndinaziphunzira nditataya ndalama. Tsiku lina pa bwalo lina ndinamva mtengo umene unandikomera, ndipo ndinalipira osafunsa kanthu. Nditalowa ndinapeza kuti ndege inali yaing'ono, ulendo unali wosakwana maola atatu, ndipo chakudya cha bizinesi chinali chitawerengedwa kale ine ndisanalowe m'gululo. Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anagwada pambali pa mpando wanga n'kundipepesa mwaulemu kuti chimene ndinasankha chatha. Usiku womwewo, pa ndege yaitali, ndinakhala mpando wa pakati kumbuyo, maondo atagunda mpando wa kutsogolo, ndikuwerengera mumtima ndalama imene ndinawononga masana.

Choncho musanatulutse khadi, funsani. Choyamba funsani mtundu wa ndege ndiponso ngati mpando umagona wonse. Kenako funsani za katundu, chifukwa pa maulendo ambiri akutali a Ethiopian, wa ekonome amaloledwa zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse pomwe wa bizinesi amaloledwa za makilogalamu 32, koma makampani ambiri amati wokwezedwa pa bwalo atsatirebe malire a tikiti yake yoyamba. N'chimodzimodzinso ndi chipinda chodikiriramo cha apaulendo a bizinesi, chomwe chimakhala ndi chakudya, mipando yofewa, kwina ngakhale mabafa: ena amakulolani kulowa, ena ayi, ndipo kwa munthu amene adikire maola ambiri pa bwalo la Bole ku Addis Ababa yankho limeneli likhoza kusintha chisankho chonse. Mamailosi nawonso kawirikawiri amawerengedwa potengera tikiti yoyamba. Pomaliza funsani chimene chingachitike ndege ikasinthidwa kapena ulendo ukalephereka, pakuti ndalama yotereyi nthawi zambiri sibwezedwa ngati wosintha maganizo ndi inuyo.

Dziwaninso kuti si tikiti iliyonse imene ingakwezedwe. Matikiti otsika mtengo kwambiri ndi ogulidwa pagulu nthawi zina salowa nawo, ndipo ngati munagula ku kampani ina koma ndege ndi ya kampani inzake, mwini ndegeyo ndiye ali ndi mawu.

Nkhani ya ndalama zakunja nayo siingalambalalidwe. Mukakhala pa bwalo la kunja, mtengo amautchula mu madola kapena ndalama za dzikolo, ndipo kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse imalemera m'thumba la Mmalawi. Mabanki athu amaika malire pa ndalama zimene khadi lingalipire kunja, kotero pitani ku banki yanu ulendo usanafike kuti musakachite manyazi khadi likakana pamzere pali anthu. Abale amene mumachokera ku Britain, kumbukirani kuti boma la kumeneko limadula msonkho wokwera pa mipando imene si ya ekonome, ndipo msonkhowo umalowa pamtengo umene mungauzidwe.

Pali chikhulupiriro chakuti ukavala suti n'kumwetulira pa kauntala amakukweza ulere. Kukweza kwaulere kulipo, koma kumachitika makamaka ekonome ikadzaza mopitirira, ndipo kompyuta imayamba yasankha makasitomala okhazikika a kampaniyo. Ndipo wina akakunong'onezani kuti mumupatse kangachepe m'manja kuti akukonzereni mpando, kanani, chifukwa zimenezo ndi ziphuphu ndipo mungaike pachiswe ntchito yake pamodzi ndi ulendo wanu.

Fikani pa bwalo msanga, kauntala ikangotsegulidwa, chifukwa mipando yotsala imakhala yochepa ndipo woyamba kufunsa ndiye amaipeza. Mukalipira, landirani lisiti lokhala ndi dzina la kampani, kenako yang'anani chiphaso chatsopano chokwerera ndege musanachoke pa kauntalapo. Onetsetsani kuti nambala ya ndege, kalasi ndi nambala ya mpando zikugwirizana ndi gawo la ulendo limene mwalipirira.