Kuchoka pa wilibala mpaka pa uinjiniya wa misewu ndi milatho ku Joni

Abale anga a ku Joni, muli bwanji? Kaya mukuonera muli m'teksi yopita ku Bree, kaya mwakhala pa mulu wa njerwa pa nthawi ya nkhomaliro, musachoke, chifukwa pali bodza lina lomwe likuwadyera zaka anyamata athu pa saiti, ndipo lero tithana nalo. Ngati ndinu achilendo pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambepo.

Mwachidule, civil engineering ndi ntchito ya misewu, milatho, madamu, ngalande ndi mapaipi a madzi. Mlatho wa Nelson Mandela uja wa ku Braamfontein, womwe adautsegula mu 2003, ndi ntchito yotere. Gautrain nayonso. Njira yolowera yomwe tikambe lero ndi apprenticeship, kutanthauza kuphunzira ntchito uli pa ntchito: kampani ikukupatsa kangachepe, masiku ena uli ku koleji.

Choyamba, mapepala. MSCE yanu ipite ku SAQA, bungwe loyeza mapepala a maphunziro, akaiyeze kuti ikufanana ndi chiyani kuno. Ndinapanga kale vidiyo ya zimenezi, ili pansipa. Masamu ndi sayansi ndiye amayang'ana kwambiri. Pamafunikanso chilolezo chophunzirira kapena chogwirira ntchito. Ndisakunamizeni: malo ambiri olipiridwa ndi CETA, bungwe loona za maphunziro a zomangamanga, amafuna ID ya ku South Africa, ndipo NSFAS, thandizo la boma lolipirira ophunzira, nayonso imafuna ID yomweyo. Ambiri a ife timadutsira kwa bwana amene tikumugwirira kale ntchito.

Chachiwiri, mgwirizano wolembedwa. Inu, kampani ndi koleji musayine, ulembetsedwe ku SETA, kutanthauza bungwe loona za maphunziro a ntchito ngati CETA ija. Makoleji alipo, Central Johannesburg TVET College, South West Gauteng ya ku Soweto. Nthawi zambiri zimatenga zaka ngati zitatu, kenako trade test, mayeso a umisiri. Ena amakayesedwa ku INDLELA ku Olifantsfontein. Mukakhoza ndinu mmisiri wovomerezeka, wa njerwa, wa mapaipi kapena kalipentala.

Tsopano bodza lija. Mvetserani bwino apa.

Amati ukakhalitsa pa saiti umasanduka injiniya wekha. "Iwe ingolimbikira, abwana akukuona." Zimandipweteka ndikamva mawu amenewa, chifukwa amene amawakhulupirira ndi anthu akhama, odzuka mbandakucha, odziwadi ntchito. Achimwene, zaka zokha sizisayina pulani. Mukhoza kuthira konkire kuyambira muli mnyamata mpaka imvi, koma dzina loti Professional Engineer limaperekedwa ndi ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya, malinga ndi lamulo la m'chaka cha 2000, ndipo iwo amafunsa zinthu ziwiri: unaphunzira chiyani, ndipo umboni wa ntchito uli kuti?

Wina alemba m'makomenti kuti, koma ine ndimadziwa konkire kuposa kamnyamata kochokera ku yunivesite ya Wits. N'zoona, sindikutsutsani. Galimoto ya konkire ikafika, inu mumangoyang'ana mmene ikutsikira n'kudziwa kuti madzi achuluka. Koma taonani zomwe zimachitika pambuyo pake. Amatapa konkire ija, kuithira m'timabokosi ta mamilimita 150, kusinja bwinobwino kuti mpweya utuluke. Mawa lake atulutsa timiyala tija, atiika m'madzi. Pakatha masiku 7 aphwanya ena pa makina, pakatha masiku 28 aphwanya otsalawo, n'kuwerenga mphamvu yake mu MPa, muyeso wa kulimba kwa konkire. Funso ndi ili: ndani adanena kuti chipilala ichi chikufuna 30 MPa osati 25? Ndani adawerengera kukula kwa zitsulo zomwe mwamanga ndi waya zija, ndi mpata wa pakati pake? Amenewo ndi masamu, ndipo diso silingawaone. Kuno ku Gauteng kulinso nthaka ya dolomite, madera ngati Centurion ndi Carletonville, kumene pansi pamatha kungotseguka dzenje madzi akalowa. Munthu wosayina pulani m'malo otere wasenza miyoyo ya anthu. N'chifukwa chake sapereka dzinali poona nkhope kapena kutalika kwa zaka.

Ndiye kodi zaka zanu zapita pachabe? Ayi ndithu. Zimagwira ntchito zikalembedwa. Logbook, buku lolembamo ntchito zomwe mwagwira, abale anga! Mwaphunzira kugwiritsa dumpy level, chida choyezera levulo, lembani, folomani asayine. Mwamanga zitsulo za maziko, lembani tsiku ndi malo, asayine. Makampani a zomanga amatha ntchito n'kusamuka, folomani uja mudzamusowa, nambala yake idzasintha. Musadikire kuti ndidzasayinitsa kumapeto.

Ngati mwafika apa, lembani m'makomenti saiti yomwe muli, Midrand, Sandton, Roodepoort, ndione kumene tachuluka. Ndipo tumizirani vidiyoyi mnzanu uja wa pa mikisa.

Chachitatu, kwa inu amene muli kale ndi zaka zambiri popanda pepala, pali ARPL, njira yovomerezera luso lomwe muli nalo kale. Amayesa zomwe mukudziwa, kuona makalata a mabwana anu akale, kukuphunzitsani pomwe paperewera, kenako mukalowa trade test osayambanso pachiyambi.

Chachinayi, kukwera. Trade test ndi khomo lolowera, kenako sukulu ipitirire. Diploma ya civil imakutengerani ku utekinishani, digiri ya zaka zitatu ngati BEngTech ya ku yunivesite ya UJ ku Doornfontein imakutengerani ku technologist, ya zaka zinayi ndiyo ya injiniya. UNISA imaphunzitsa munthu ali pa ntchito. Musanalipire kobiri, onani ngati maphunzirowo ali pa mndandanda wovomerezeka wa ECSA. Mukamaliza mumalembetsa ku ECSA ngati candidate, munthu woyembekezera kuvomerezedwa, n'kugwira zaka zosachepera zitatu pansi pa munthu wolembetsedwa kale. Achemwali, njirayi ndi yanunso, musamve zoti saiti ndi ya amuna okha.

Chomaliza, ndithamange. Uthenga wa pa WhatsApp woti tumizani ndalama tikusungireni malo a learnership, ophunzirira ntchito aja, amenewo ndi akuba. Malo enieni sagulitsa. Funsani dzina la kampani, nambala yovomerezeka ya koleji, kenako muimbire CETA nokha.

Sabata yamawa ndikuonetsani tsamba la logbook, mzere ndi mzere, mmene mungalembere kuti woyesa asalikane. Amene muli ndi makalata a mabwana akale, yambani kuwafunafuna lero, tidzawagwiritsa ntchito. Dinani like, tionana.