Mawu a m'mawa: Abale akaleka kukuyankhani foni

Mwauka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Genesis 32 ndi 33, pamodzi ndi Aroma 12:18, pamene Paulo akuti ngati n'kotheka, monga momwe inu mungathere, khalani pa mtendere ndi anthu onse.

Mawuwa akupita kwa inu amene munachita chinthu chovuta, abale n'kukufulatirani. Mwina ndinu mayi wamasiye wa ku Chawama mu Lusaka amene munakana kuti alamu agulitse nyumba. Mwina munakanena ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, za wachibale amene anagwiririra mwana. Mwina munangoleka kutumiza ndalama kwa mng'ono wanu ku Katete poona kuti zonse zikuthera ku mowa. Lero za ukwati wa pabanja mukuzimvera kwa anthu, ndipo azakhali akuti tauni yakunyaditsani.

Musanapepese, dziwani chimene mukupepesa. Lamulo la Zambia la 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilu, ana alandire 50 peresenti ya chuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena amene ankadalira malemu 10, ndipo nyumba ikhale ya ana ndi wotsalayo. Mayi amene anaima pamenepa alibe mlandu. Koma ngati tsiku limenelo munatchula apongozi anu kuti mfiti pamaso pa anthu, pepesani mawu amenewo, osawonjezerapo kuti "koma nanunso". Ambiri kusungulumwa kukawakulira amapepesa zonse pamodzi. Abale amamva ngati mwabweza mawu, ndipo mwezi wamawa nkhani ya nyumba yayambiranso.

Yakobo anakhala zaka 20 kwa Labani osaonana ndi Esau. Wolakwa anali iye, pamene inu mwina simunalakwe, komabe taonani mmene anabwerera. Sanangotulukira pakhomo. Anayamba watuma amithenga. Atamva kuti Esau akubwera ndi amuna 400, anapemphera osabisa kuti akuopa. Anatsogoza mphatso m'magulumagulu, ndipo pomaliza pake anaonekera yekha, n'kugwada kasanu ndi kawiri.

Wotumidwa wanu akhale wamkulu amene mbali zonse zimamumvera ndiponso alibe gawo pa nkhaniyo: malume, nkhoswe, kapena mkulu wa mpingo. Munthu amene mumamulipirira lendi musamutume, adzati akulankhulira nsima. Ana musawatume n'komwe, si mlandu wawo. Mukafuna kulemba uthenga pa foni, ziganizo zitatu zakwana: moni, kuti mumawakumbukira, ndi kuti akafuna kulankhula mulipo. Lemberani munthu mmodzi. Pagulu la WhatsApp la banja aliyense amayankha kuti anzake amuone, ndiye ngakhale wofewa mtima amauma. Tumizani kamodzi, mudikire mwezi. Zija zoika pa status mavesi onena za adani, tiyeni tizileke. Banja lonse limadziwa amene mukumunena.

Mphatso nayo imafuna nzeru. Ngati chinakudanitsani ndi ndalama, kutumiza kwacha pa foni n'kubwerera komwe munachoka. Lipirani nokha yunifomu ndi mabuku a mwana wa m'bale wanuyo, kapena kwezani thumba la unga la 25kg pa basi ku siteshoni ya Intercity, lilandiridwe ndi mlamu wanu.

Pali ndime imene alaliki ambiri amaidumpha. Atakumbatirana n'kulira, Esau anati tiyeni tiyendere limodzi. Yakobo anakana mwaulemu, akuti ana ndi ofooka, ziweto zikuyamwitsa, akazithamangitsa tsiku limodzi lokha zifa. Esau anabwerera ku Seiri, Yakobo anapita ku Sukoti n'kumanga nyumba kumeneko. Anayanjana, koma aliyense anakhala kwake. Choncho akadzakuuzani kuti chibale ndi fupa sichiola, vomerani, n'zoona. Zimenezo sizikukakamizani kubweza makiyi a nyumba, kapena kulandiranso pakhomo munthu amene anavulaza mwana wanu. Pamene panali nkhanza kapena kuopsezana, musakumane muli nokha, ndipo mlandu umene uli kupolisi musauchotse pofuna kukondweretsa akuluakulu. Pofuna thandizo ndi uphungu pa foni ku Zambia, nambala ya 933 ya Lifeline ndi 116 ya Childline (ya nkhani za ana) ndi zaulere.

Genesis 35:29 imati Isake atamwalira, ana ake awiriwa anamuika pamodzi. Kwathu kuno nakonso maliro ndiwo amasonkhanitsa odana. Mukamva uthenga, ngakhale mwaumvera kwa anthu, pitani. Perekani chopereka chanu kwa amene akulemba m'buku, khalani pamene amayi kapena abambo anzanu akhala, gwirani ntchito ya madzi ndi nkhuni. Wina akayambitsa nkhani yakale, yankhani kuti "lero tabwera kudzalira, tidzakhala pansi tsiku lina". Mukaona kuti mowa wayamba kulankhula usiku, tsanzikani kwa mwini maliro, mudzabwere m'mawa popita ku manda a Chingwere.

Zimathekanso kuchita zonsezi, iwo osayankha. Paulo anadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anayamba ndi mawu akuti ngati n'kotheka. Mtima udzawawa ndithu, makamaka pa Khirisimasi ndi pa tsiku limene malemu anatisiya. Masiku amenewo konzeranitu kumene mukadye, kaya ndi kwa a mumphakati kapena kwa amayi a chigwirizano, musadzadzitsekere m'nyumba. Tulo ndi chakudya zikakusowani kwa milungu iwiri, kalankhuleni ndi abusa ndiponso a kukiliniki.

M'mawa uno, musanakwere minibasi, werengani Masalimo 27:10, kenaka mutchule pamaso pa Mulungu dzina la wachibale amene wakuwawitsani kwambiri. Mupempherereni za thanzi lake, ntchito yake ndi ana ake. Ngati lero pakamwa pakulemera, tchulani dzina lokhalo, mawa mudzawonjezere.