Choko chofiira ndi milungu ya m'nthano za Agiriki

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Choko chofiira chomwe tikukamba lero si chija cha m'kalasi. Ndi mwala wokumba pansi, dongo losakanikirana ndi mtapo wa chitsulo wotchedwa hematite, wofiira ngati katondo. Ku Italy chinatchuka pakati pa ojambula zithunzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Leonardo da Vinci anali mmodzi mwa oyamba kuchikonda. Ojambulawo ankacheka mwalawo tizidutswa totalika, n'kusongola ndi mpeni.

Nanga chinagwirizana bwanji ndi nthano? Milungu ya Agiriki ndi Aroma inkajambulidwa ndi matupi a anthu, kawirikawiri osavala. Choko chakuda chimaonetsa bwino mthunzi, koma chofiira chimapatsa khungu kufunda, munthu wa papepala n'kuoneka kuti magazi akuyenda. Kwa ine, palibe chida china chochita zimenezi mofatsa chonchi.

Tiyeni tione ntchito ya Raphael, katswiri wojambula wa ku Italy. Cha m'ma 1517 anapatsidwa ntchito yokongoletsa denga la khonde m'nyumba ya mpondamatiki Agostino Chigi ku Rome, yomwe lero ikutchedwa Villa Farnesina, ndi nthano ya ukwati wa Cupid, mulungu wa chikondi, ndi mtsikana Psyche. Asanakhudze denga, anajambula papepala milungu itatu yachikazi ya chisomo, yopezeka paphwando la ukwatiwo. Anayamba ndi kachitsulo kosongoka, kukanda pepala mopepuka, mizere yosaoneka bwino, kuti apeze kaimidwe ka thupi. Kenako ndiye choko. Mvetsani apa, achinyamata: mthunzi sanaupake mwachisawawa ayi. Ndi timizere tating'ono, toyandikana, totsata kupindika kwa msana ndi phewa. Pofuna mdima ankawonjezera timizere ndi kukanikiza pang'ono. Pofuna kuwala ankasiya pepala loyera. Chokochi chikalowa m'pepala sichifufutika bwinobwino, ndiye dzanja liyenera kuyamba mopepuka.

Michelangelo, katswiri winanso wa ku Italy, anachigwira chokochi mwa njira ina. Cha m'ma 1530 anajambula papepala limodzi nkhondo zitatu za Hercules, ngwazi yamphamvu ya m'nthano: ndi mkango wa ku Nemea, ndi chinjoka cha mitu yambiri chotchedwa Hydra, ndi chimphona Antaeus. Antaeus ameneyu mphamvu zake zinkachokera m'nthaka, popeza nthaka ndiyo inali mayi wake, choncho Hercules anamunyamula m'malere kuti afooke. Tangoganizani kuonetsa kulemera kwa munthu wonyamulidwa, minofu yokungika, chiuno chopotoka, zonsezi ndi mtundu umodzi wokha! Pepala ngati ili silinali lokonzekera chithunzi china chachikulu. Linali ntchito yathunthu payokha. Mu 1533 anapatsa mnzake Tommaso de' Cavalieri chojambula china chofiira, cha tiana tili paphwando la Bacchus, mulungu wa vinyo.

Mapepala onse atatuwa akusungidwa ku Windsor Castle, ku England. Tsopano aliyense atenge pepala, ayambe kujambula dzanja la mnzake wakhala naye pafupi.