Makalata a Omvera: "Organic Chemistry Yandigwetsa, Amayi Ndiwauza Bwanji?"

Takulandiraninso, omvera, m'gawo lathu la makalata. Sabata ino ambiri mwalemba nkhani imodzi, chifukwa zotsatira za semesita zatuluka ndipo m'makomo ena nsima siikutsika bwino. Ndasankhapo atatu. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba ndi a sukulu zawo sinditchula.

Yoyamba yachokera kwa mtsikana, ndipo akuti:

"Zikomo Azakhali. Ndili chaka chachiwiri ku koleji, ndikuphunzira za sayansi. Pa MSCE ndinapeza mapointi 11, ndipo chemistry palibe amene ankandiposa pasukulu pathu. Pano zotsatira zatuluka, organic chemistry ndapeza 37, andipatsa sapu, kutanthauza kuti ndilembenso mayesowo. Sikuti ndinkasewera ayi. Ndinkadzuka tambala asanalire, ma reaction onse ndinawalemba pamapepala n'kumata kukhoma, ndipo ndinkatha kuwanena pamtima kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Koma nditatsegula pepala la mayeso, ma compound amene anafunsa sindinawaonepo m'notsi. Ndinangokhala duu, cholembera chili m'manja. Amayi amagulitsa mandasi kuti azinditumizirako kangachepe, ndipo kumudzi ayamba kale kunditchula kuti adokotala. Akaimba foni ndimangoti zotsatira sizinatuluke. Tulo sindikuliona. Kodi mutu wanga si wa sayansi? Ndisinthe pulogalamu?"

Mwana wanga, pepa. Kwa munthu amene sanagwepo chiyambire sukulu, kugwa koyamba kumawawa kwambiri, ndiye lira ndithu ngati misozi ikubwera. Koma za kusintha pulogalamu, dikira kaye. Yankho la funso lako walilemba wekha m'kalatamu: unaloweza. Ine ndisanabwere pa wailesi pano ndinagwirako choko, ndinkaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo ndikudziwa kuti kuloweza kumamufikitsa mwana patali pa MSCE. Mayina a ma alkane, ma alkene, ma alkanol, kuyesa ndi madzi a bromine, zonsezo zimakwana m'mutu. Ku koleji sizikwananso. Organic chemistry ndi phunziro la ma compound a carbon, ndipo carbon imagwirana ndi ma atomu ena mpaka anayi, imalumikizananso yokhayokha n'kupanga maunyolo ndi mphete, moti ma compound ake odziwika ndi mamiliyoni ambirimbiri. Khoma la chipinda chako lingakwane angati? Mphunzitsi wako akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake pa mayeso amaika dala compound yachilendo. Akufuna aone ngati ukudziwa chifukwa chake reaction imachitika.

Ndipereke chitsanzo, enanu amene simunachite sayansi mundipirire pang'ono. Tenga bromoethane uiphatikize ndi hydroxide. Woloweza amangodziwa kuti patuluka ethanol. Womvetsa amayamba ndi funso limodzi: ma electron achuluka pati, achepa pati? Bromine imakokera ma electron kwa iyo, choncho carbon imene yagwirana nayo imatsala yoperewera. Hydroxide ili ndi ma electron otsala, ndiye imalunjika pa carbon yoperewerayo kudzera kumbuyo, bromine n'kuchoka. Imeneyo ndiyo SN2 imene inakuzunguza mutu. Tsopano carbon ija ikazunguliridwa ndi magulu atatu akuluakulu, hydroxide imasowa polowera, bromine imayamba yachoka yokha kenako malowo n'kudzazidwa. Ndiyo SN1. Timivi tokhota tija mumajambula tikungosonyeza ulendo wa ma electron, kuchoka pochuluka kupita poperewera. Ukagwira zimenezi, olo akusinthire bromine n'kuika chlorine, olo atalikitse unyolo, suchita mantha.

Ndiye pokonzekera sapu, mapepala ali kukhomawo uwamatule. Tenga pepala lopanda kanthu, tseka buku, ujambule wekha mechanism, ndiye kuti masitepe a mmene reaction ikuyendera, ndipo pa kamuvi kalikonse uzinena mokweza chifukwa chake kakupita kumeneko. Ukakanika, tsegula buku, ona pamene wasochera, tseka, yambanso. N'zotopetsa, ndipo sizikoma ngati kuwerenga notsi uli gone pabedi, koma phunziroli limalowa kudzera m'dzanja. Pa stereochemistry, phunziro la mmene ma atomu amakhalira mozungulira carbon, usavutike ndi kuyerekeza m'mutu. Pita kudambo ukatape dongo, uumbe timipira, ubaye timitengo ta machesi tinayi, kumapeto kwake uike zinthu zinayi zosiyana: njere ya chimanga, nyemba, nandolo ndi mtedza. Uumbenso kena kofanana ndi mmene koyambako kakuonekera pagalasi. Uyese kutigoneka pamodzi kuti chilichonse chigwere pa chinzake. Sizitheka, monga dzanja lamanja silingalowe bwino m'gulovu ya kumanzere. Ukaona ndi maso ako kamodzi, R ndi S, zilembo zosiyanitsira mitundu iwiri imeneyi, sizikhalanso zamatsenga.

Chinanso, ndipo ichi ophunzira ambiri amachiopa: pita kwa mphunzitsi wako ukapemphe kuti akuonetse pamene malikisi anathawira. Nambala ya 37 payokha siikuuza chilichonse. Mwina mafunso a mayina unakhoza onse, n'kugwa pa mechanism pokha. Mwina nthawi inakuthera. Mwinanso CA yako, malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita, inali yotsika kale chifukwa cha malipoti a ku labu. Matenda atatu amenewa mankhwala ake ndi osiyana. Uwerengenso buku la malamulo a koleji yanu, udziwe kuti sapu imalembedwa liti, malikisi okhozera ndi angati, ndipo munthu akailephera chimatsatira n'chiyani. Zimenezi usazimvere kwa anzako kuhostelo, poti aliyense kumeneko amakhala ndi malamulo akeake.

Za amayi, auze sabata yomwe ino. Mayi amene amadzuka usiku kukanda ufa amadziwa kuti tsiku lina mandasi amapserera kapena sagulidwa, ndipo mawa lake amakolezanso moto. Chimene chingawapweteke ndi kumva kwa munthu wina. Ungowauza kuti, "Amayi, phunziro limodzi silinayende, ndilembanso, ndipo ndadziwa pamene ndinalakwitsa." Tulo tikapitiriza kusowa, kapena maganizo oipa ofuna kudzivulaza akayamba kukubwerera, usakhale wekha m'chipinda. Lankhula ndi mlangizi wa ophunzira, a ku ofesi yoona za ophunzira, abusa kapena a shehe, kapena upite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndikunena izi motsindika, mwana wanga.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina, mlimi. Akuti:

"Mayi, ine ndinagulitsa ng'ombe kuti mnyamata wanga aphunzire za ulimi. Lero akundiuza kuti walephera chinthu chotchedwa organic chemistry. Ndikufunsa, zimenezi zikukhudzana bwanji ndi khasu? Kapena akungondinamiza, ndalama akumwera mowa? Ndaganiza zomuuza kuti abwere adzandithandize kumunda."

Bambo, mtima pansi. Za mowazo ine sindingamuikire umboni, mwana ndi wanu, mukumudziwa ndinu. Koma phunziro limene watchulalo lilipodi, ndipo limagwetsa ngakhale ana amene sadziwa khomo la bala. Mwafunsa za khasu. Thumba la urea limene mumabereka nalo chimanga lija, lolembedwa 46 kusonyeza kuchuluka kwa nitrogen, ndi organic chemistry yeniyeni. Kale akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti zinthu zotere zimapangika m'thupi la chamoyo chokha, poti urea amapezeka mumkodzo. M'chaka cha 1828 Friedrich Wöhler wa ku Germany anampanga m'labu popanda impso ya munthu kapena ya nyama, ndipo nkhaniyi imasimbidwa koyambirira kwa mabuku ambiri a phunziroli. Mankhwala opopera thonje, othira m'chimanga kuti anankafumbwe asalowe, a dibi la ng'ombe, onsewo ndi a m'banja lomweli. Ethanol amene amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa n'kusakanizidwa ndi petulo, ndi yemweyo amene amaledzeretsa mu kachasu. Mukamuchotsera carbon imodzi amakhala methanol, amene akalowa m'thupi amasanduka asidi wowononga maso, ndipo munthu amatha kuchita khungu kapena kufa kumene. Mlangizi wa zaulimi amene sadziwa kusiyana kotereku ndi woopsa pamudzi.

Choncho musamuitanitse kumunda chifukwa cha phunziro limodzi. Muuzeni akuonetseni zotsatira zonse, osati zongonena pakamwa. Ngati maphunziro ena akhoza bwino, vuto ndi la phunziro limeneli basi, mumpatse mpata alembenso. Ngati onse ali pansi, pamenepo khalani naye pansi ngati amuna awiri, mumufunse bwinobwino. Ndipo onani ichi, bambo: mwanayu wakuuzani yekha kuti walephera. Mtsikana wa kalata yoyamba uja mpaka pano akubisa. Mukamukalipira kwambiri lero, chaka chamawa simudzamvanso kanthu.

Wachitatu watumiza uthenga waufupi pafoni: "Azakhali, lecturer wathu ndi wankhanza, theka la kalasi lagwa. Amasangalala tikamalephera. Tikufuna tikachite apilo tonse."

Achimwene, aphunzitsi osalongosola bwino alipo, sindikana, ndipo theka la kalasi likagwa, a dipatimenti ayenera kudzifunsa mafunso nawonso. Kudandaula ndi ufulu wanu. Dutsani kwa woimira kalasi, mulembe mwaulemu, mutchule zenizeni: mitu imene inafunsidwa koma sinaphunzitsidwe, ma tutorial amene sanachitike, zotsatira za CA zimene simunazione mayeso asanafike. Mawu akuti "ndi wankhanza" palibe amene angawafufuze. Apilo ya malikisi ndi nkhani ina, imeneyo aliyense amachita payekha, ndipo imathandiza ngati muli ndi chifukwa chokhulupirira kuti anawonkhetsa molakwika kapena anadumpha funso. Siisandutsa yankho lolakwa kukhala lolondola.

Koma pamene kalatayo ikuyenda m'maofesi, tsiku la sapu silikudikirani. Theka lina lija linakhoza, m'kalasi yomweyo, kwa mphunzitsi yemweyo. Pezani awiri kapena atatu mwa iwo, muwapemphe kuti mukhale nawo pa bolodi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Gulu lisapitirire anthu anayi, likakula limasanduka bwalo lokambirana za mpira ndi za lecturer yemweyo. Ndipo choko chizikhala m'manja mwa amene anagwa, wokhozayo azingofunsa kuti, "Kamuvi kameneka wakayambitsira pamenepa chifukwa chiyani?"

Nthawi yatithera. Amene mwalemba za ngongole ya fizi, makalata anu ndawasunga, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa.