Mtsikana wa mu Basi: Chifukwa Chake Mabuku a Achinyamata Amakonda Kufotokoza Tsankho Kudzera mwa Atsikana

(Pa sikirini: chithunzi chakale cha basi ya mumzinda wa Montgomery)

Dzina la Rosa Parks mwina munalimvapo. Nanga la Claudette Colvin? Pa 2 Malichi 1955, mumzinda wa Montgomery ku Alabama, m'dziko la America, mtsikana ameneyu, wazaka 15 zokha, anakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Apolisi anachita kumukoka kumutulutsa. Apa n'kuti kutatsala miyezi 9 kuti mayi Parks achite zomwezo. Koma atsogoleri a gulu lomenyera ufulu sanafune kuti nkhondo yawo iyambire pa iye. Anali mwana, wochokera kubanja losauka, ndipo patapita nthawi pang'ono anakhala ndi pakati. Komabe mu 1956 iye anali mmodzi mwa azimayi anayi amene anakasuma pa mlandu wa Browder v. Gayle, womwe unathetsa tsankho la m'mabasi amenewo.

Takulandirani, anzanga. Lero tikukamba za mabuku a nkhani zopeka olembera achinyamata, makamaka otibwezera m'mbiri yakale. Mukawasanthula mupeza kuti wofotokoza nkhani nthawi zambiri amakhala mtsikana. Si mwangozi ayi. Mtsikana wakuda ankaima pamene nkhanza ziwiri zinkakumana: ya khungu ndi ya kubadwa wamkazi. Ndipo olemba mbiri ankamudumpha kawiri konse.

(Pa sikirini: 1913, Washington)

Tamvani izi. Mu Malichi 1913 azimayi ofuna ufulu wovota anachita ndawala yaikulu ku Washington. Mtolankhani wotchuka Ida B. Wells, amene anatha zaka zambiri akuulula kuphedwa kwa anthu akuda popanda mlandu, anauzidwa kuti asayende limodzi ndi azimayi achizungu a ku Illinois kwawo, apite kumbuyo. Iye anadikira m'khamu la oonerera, gulu la Illinois litafika anangolowa pakati pawo n'kumayenda. Mu 1920 malamulo a dziko la America anasinthidwa kuti azimayi azivota. Koma kumwera kwa dzikolo azimayi akuda ambiri anapitirizabe kubwezedwa pakhomo, ena powalipiritsa msonkho wovotera, ena powalembetsa mayeso okhwima dala, mpaka lamulo loteteza ufulu wovota la 1965. Zaka 45 zimenezo buku la kusukulu limazithera m'mzere umodzi. Wolemba nkhani zopeka ndiye amaima pamenepo n'kufunsa kuti: kodi mayi amene anabwezedwayo, atafika kunyumba madzulo, anamuuza chiyani mwana wake?

Apa ndi pomwe ndimagomera Mildred D. Taylor. Buku lake la Roll of Thunder, Hear My Cry linatuluka mu 1976, ndipo chaka chotsatira linapata mphoto ya Newbery, yoperekedwa ku mabuku a ana ku America. Nkhani yake ikuchitika ku Mississippi mu 1933, ndipo akuifotokoza ndi Cassie Logan, wazaka 9. Muli zoopsa zambiri m'bukuli, koma chimene chimandikhalabe mumtima ndi kanthu kooneka kakang'ono. Cassie wagundana ndi mtsikana wachizungu m'tauni, bambo wa mtsikanayo amukankhira mumsewu, ndipo amene akumukakamiza kupepesa si mzungu ayi, ndi agogo ake omubereka. Cassie wakwiya nawo agogowo. Inu owerenga mukudziwa chimene iye sakudziwa: agogo asankha kuti mdzukulu wawo achite manyazi koma abwerere kunyumba wamoyo. Palibe chiwerengero chimene chingakuphunzitseni zimenezo. Mayi ake a Cassie nawo ndi mphunzitsi, ndipo akuchotsedwa ntchito ataphunzitsa za ukapolo zomwe m'buku la boma munalibe komanso atatsogolera anthu kunyanyala sitolo ya azungu ankhanza. Onani tsono: mibadwo itatu ya akazi, aliyense ali ndi njira yake yopirira kapena yokanira.

Wina afunsa: nanga To Kill a Mockingbird ya Harper Lee, ya 1960 ija? Inde, nayonso wofotokoza ndi mtsikana, ndipo ndi buku lolembedwa mwaluso, sindikutsutsa. Koma dzifunseni kuti ngwazi ndani. Ndi loya wachizungu. Mayi wakuda wogwira ntchito m'nyumba mwawo, Calpurnia, timamuona makamaka pamene akutumikira banjalo. Ine ndikatenga buku la mtundu uwu ndimayamba ndi funso limeneli: kodi oponderezedwawo akuchitapo kanthu, kapena angoikidwamo kuti wina aoneke wachifundo?

(Pa sikirini: mapu a South Africa)

Tiwoloke nyanja. Mu 1985 Beverley Naidoo anatulutsa kabuku kochepa kotchedwa Journey to Jo'burg. Naledi, wazaka 13, ndi mlongo wake Tiro anyamuka wapansi kumudzi kwawo kulowera ku Johannesburg, mtunda woposa makilomita 300, kukaitana mayi awo chifukwa khanda la kwawo ladwala kwambiri. Nanga mayiwo akutani kutali konseko? Akulera mwana wa mzungu. Tsankho lonse lili m'chiganizo chimenecho: malamulo a chiphaso ankalola mayi kukhala m'dera la azungu ngati wantchito, koma ana ake ayi. Malamulo omwewa ndi amene anasonkhanitsa azimayi pafupifupi 20,000 odzawatsutsa ku Union Buildings, likulu la maofesi a boma ku Pretoria, pa 9 Ogasiti 1956. Boma la apartheid linaletsa kabukuko, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1991. Tangoganizani, boma la mfuti ndi akasinja likuopa nkhani ya ana awiri oyenda pamsewu.

Pali msampha umodzi womwe olemba ena amagweramo. Amatenga mtsikana wa masiku ano, maganizo ake ndi kayankhulidwe kake, n'kumuveka diresi la 1900. Amayankha aliyense mwamwano, sachita mantha, ndipo palibe chomuchitikira. Zimakoma kuwerenga, koma ndi bodza, ndipo zimanyoza amene anakhala chete chifukwa kutsegula pakamwa kukanaphetsa banja lonse. Buku loona limaonetsa mtengo wa kukana. Colvin anatsekeredwa m'chitolokosi kwa maola angapo, ndipo usiku umenewo bambo ake sanagone, anali tcheru kuopa kuti a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, abwera.

Za masiku ano ndingotchulapo limodzi. Angie Thomas anayamba kulemba nkhani imene inadzakhala The Hate U Give atamva za Oscar Grant, mnyamata wakuda amene anawomberedwa ndi wapolisi ku Oakland mu 2009. Bukuli linatuluka mu 2017, ndipo wofotokoza nkhani yake ndi Starr Carter, wazaka 16, amene waona wapolisi akuwombera mnzake ndipo akuyenera kusankha kuyankhula kapena kukhala chete. Kuchokera chaka chomwecho linapezeka kangapo pamndandanda wa bungwe la American Library Association wa mabuku amene anthu amafunitsitsa kuti achotsedwe m'masukulu ndi m'malaibulale.