Tikakufunsani za mowa kuchipatala, musadabwe

Mawu amene dokotala wa pachipatala chaching'ono anayankhula pamsonkhano wa mafumu ndi anthu a m'midzi yozungulira chipatalacho

Agogo a Gulupu, mafumu nonse, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, a komiti ya chipatala, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Akumbuyoko ngati mawu sakufika, kwezani mkono ndikweze.

Kuyambira mwezi wamawa, munthu wamkulu aliyense wobwera kuchipatala chathu tizimufunsa za mowa. Kaya wabwera ndi malungo, kaya ndi bala, kaya ndi mayi wa kusikelo, tizimufunsa. Abusa tiwafunsa, ashehe tiwafunsa, ngakhale inu agogo a Gulupu mukabwera ndi msana, funso limeneli likupezani. Ndafuna mumve lero kuchokera pakamwa panga, kuti wina asadzatuluke m'chipinda muja atakwiya n'kumati, "Adokotala aja andiyesa chidakwa, wawauza ndani?" Palibe amene watiuza. Kusikelo ya ana sitiyeza ana owonda okha ayi. Timakweza mwana aliyense, wonenepa yemwe, kuti amene wayamba kutsika timuone msanga. Za mowa tichitanso chimodzimodzi.

Chatichititsa n'chiyani? Ife a chipatala mowa timakumana nawo mochedwa. Munthu amafika mimba itatupa madzi, maso ali achikasu, mwina akusanza magazi. Pamenepo chiwindi chimakhala kuti chalimba kale, ndipo chiwindi cholimba sichibwerera. Koma mukatsegula kabuku kake ka kuchipatala, mupeza kuti munthuyo si mlendo. Anabwerapo ndi BP yokana kutsika. Anabwerapo ndi kutentha pamtima. Anabwerapo atagwa panjinga usiku, tinamusoka pachipumi. Maulendo onsewo mowa unalipo, koma nkhani yake sinakambidwe. Mtima umandiwawa ndikaona bambo wa ana aang'ono ali pabedi m'njira imeneyi, podziwa kuti zaka zingapo m'mbuyomo kukambirana kwa mphindi zochepa kukanatha kumutembenuza.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anafa ndi zifukwa zokhudza mowa, ndipo ochuluka mwa iwo anali amuna. Kuno kwathu boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017. Koma ndondomeko ili papepala. Imafika kwa munthu pokhapokha namwino atakhala naye pansi n'kumufunsa.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mukamva za vuto la mowa, m'maganizo mumabwera munthu uja wogona m'ngalande, amene ana amamuthamangira akuimba. Ameneyo mudzi wonse umamudziwa, safunikira mafunso. Amene tikumufuna ife ndi wina: bambo wolima bwino, wolipirira ana sukulu, amene pakati pa sabata samwa, koma Loweruka ndi Lamulungu amamwa mpaka kuiwala njira imene wabwerera. Kapena mnyamata wa kabaza amene amati kabotolo kamodzi m'mawa kamachotsa kuzizira. Anthu otere ndi ochuluka kuposa zidakwa, ndipo ngozi zambiri, ndewu zambiri ndi BP yambiri zimachokera kwa iwo. Chosangalatsa n'chakuti iwowa ndi amenenso amatha kusintha msanga, chifukwa mowa sunawamange.

Mafunso ake sitinawapeke ife. Amatchedwa AUDIT, anakonzedwa ndi a WHO ndipo anatuluka mu 1989, atayesedwa m'maiko 6, kuphatikizapo Kenya. Alipo 10, koma kuti mzere usakhale wautali, tiziyamba ndi atatu. Loyamba: mumamwa mowa kangati, pa sabata kapena pamwezi? Lachiwiri: tsiku limene mwamwa, mumamwa wochuluka bwanji? Lachitatu: zimachitika kangati kuti mumwe miyezo 6 kapena kuposerapo pa nthawi imodzi? Ngati simumwa, mungoyankha kuti sindimwa, nkhani yathera pomwepo, tibwerera ku malungo anu aja.

Mawu akuti "muyezo" ndiwamasulire, chifukwa apa ndi pogona nkhani. Muyezo umodzi ndi magalamu 10 a chinthu choledzeretsacho. Botolo la mowa la mamililita 330, la mphamvu ya 5 peresenti, lili ndi magalamu pafupifupi 13, ndiye kuti laposa muyezo umodzi pang'ono. Mabotolo 5 otere apyola kale miyezo 6. Nanga timabotolo tija ta mowa waukali tinadzaza m'magolosale boma litaletsa masacheti? Kabotolo ka mamililita 200 ka mphamvu ya 40 peresenti kali ndi miyezo 6 mkati mwake. Kamodzi kokha. Ndiye mnyamata akamatiuza kuti "ine ndimangomwa kamodzi", akunena zoona, koma m'thupi mwalowa zofanana ndi mabotolo 5 aja. Ambiri tikawawerengera motere amayamba agwira pakamwa.

Masese ndi kachasu n'zovutirapo, poti zilibe chizindikiro. Chipanda cha kwa mayi uyu n'chosiyana ndi cha kwa mayi uyo, ndipo kachasu wa mutu si wofanana ndi wotsirizira kutcheza. Paketi ya Chibuku nayo imanka iwawa ikakhalitsa. Choncho mukabwera tiuzeni m'chinenero chanu: zipanda zingati, manipi angati, velemoti munagawana anthu angati. Kuwerengerako tisiyireni ife. Amayi dziwaninso kuti muyezo womwewo umakugwirani kwambiri kuposa abambo, chifukwa thupi la mayi lili ndi madzi ochepa osungunulira mowa.

Yankho lililonse lili ndi malikisi. Pa mafunso atatu aja, bambo akafika malikisi 4 kapena mayi akafika 3, timapitiriza ndi mafunso 7 otsalawo. Amenewa amafunsa zakuya, monga izi: kodi munayambapo kumwa n'kulephera kusiya? Munalepherapo ntchito chifukwa cha mowa? Mumafuna wochotsera matsire m'mawa? Munadzukapo osakumbuka za dzulo? Inu kapena munthu wina anavulalapo chifukwa cha kumwa kwanu? Kodi wachibale kapena mnzanu anakudandauliranipo? Malikisi onse amathera pa 40. Wopeza osafika 8, timangomudziwitsa zoyenera kudziwa. Kuyambira 8 mpaka 15, timamupatsa malangizo pompo. Kuyambira 16 mpaka 19, timakhala naye motalikirapo ndi kumupatsa tsiku lobweranso. Kuyambira 20 kupita m'tsogolo, timaganiza kuti mwina thupi lake lamangidwa ndi mowa, ndipo amafunika chithandizo chokulirapo.

Malangizo ndikunenawa si ulaliki, ndipo si mlandu. Ndi kucheza kwa mphindi 5, zikachuluka 15. Namwino amayamba wapempha: "Bambo, mungandilole tikambeko za zimene tapezazi?" Mukalola, amakuuzani malikisi anu ndi kuwalumikiza ndi chimene chakubweretsani: "BP yanu ija ikukana kutsika, ndipo mowa wa Loweruka uja ukuthandizira." Kenako amakufunsani maganizo anu. Mowa umakupatsani chiyani? Nanga wakulandani chiyani? Amamvetsera. Munthu akanena yekha ndi pakamwa pake kuti ndalama ya feteleza inathera ku bala, mawu amenewo amamugwira kuposa akanenedwa ndi ife. Pomaliza mumagwirizana chinthu chimodzi chimene mungachikwanitse: kusamwa masiku awiri kapena atatu pa sabata, kudya musanamwe, kusiya waukali, kupereka ndalama ya malipiro kunyumba musanadutse pamsika, kapena kusiyiratu. Wosankha ndinu. Ifeyo tingolemba tsiku loti tidzaonanenso.

Ndikuona ena akupukusa mitu, akuti mphindi 5 zingasinthe munthu? Ndikuuzani zoona zake. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wa m'zipatala zambiri mu 2018, anapeza kuti anthu olandira malangizo otere, patatha chaka, amamwa mocheperapo ndi magalamu pafupifupi 20 pa sabata poyerekeza ndi amene sanalangizidwe. Imeneyo ndi miyezo iwiri pa sabata. Si zodabwitsa ayi, ndipo sindinabwere kudzakulonjezani zozizwitsa. Ena sasintha, ena amachepetsa pang'ono, ena amasiyiratu. Koma onani mzere wa pachipatala paja Lolemba m'mawa, muchulukitse ndi chaka chonse. Pa khamu lotere, kuchepetsa pang'onoko kumatanthauza mikono yosathyoka ndi amayi osamenyedwa. Ndipo sikufuna makina kapena mankhwala ogula kunja.

Pali anthu ena amene kwa iwo sitinena zochepetsa, timanena zosiyiratu. Woyamba ndi mayi woyembekezera. Mowa umadutsa m'magazi a mayi n'kufika kwa mwana, ndipo ungaononge ubongo wake moyo wonse: mwana amabadwa wochepa, amachedwa kuyankhula, kusukulu sagwira. Palibe muyezo umene tinganene kuti uwu ndi wabwino kwa woyembekezera, ngakhale masese amene ena amati amaonjezera magazi. Saonjezera. Wachiwiri ndi amene akumwa mankhwala a TB, chifukwa mankhwala amenewa amalemetsa kale chiwindi. Wa khunyu, mowa umamuputira kugwa. Wa shuga akamwa osadya, shuga amatha kutsikiratu mpaka kukomoka, anthu n'kumangoti waledzera, musiyeni agone. Tikakupatsani Flagyl, mowa ayi mpaka patapita masiku awiri mutamaliza. A ma ARV, vuto lalikulu n'kuiwala kumwa mankhwala pa nthawi yake. Ndipo wa kabaza kapena woyendetsa minibasi, wanyamula miyoyo ya eni. Nditchulenso khansa ya kummero, imene dziko lathu lili m'gulu la maiko amene yafala kwambiri: zoiyambitsa zilipo zingapo, koma mowa ndi fodya zili m'gulumo.

Eya amayi, ndaona mkono. Imani mufunse.

Kwa amene simunamve, mayiwa akuti kabuku ka kuchipatala kamakhala pakhomo, aliyense amakatsegula, ndiye zikalembedwamo apongozi sawerenga? Funso labwino kwambiri. M'kabuku tizilemba nambala yokha ya malikisi, osati nkhani imene mwatiuza. Zokambirana m'chipinda zimatsala m'chipinda. Sitiuza amuna anu, akazi anu, abusa, abwana a kuntchito kapena amfumu. Mukafuna kuti akunyumba akhalepo, mubwere nawo mwa kufuna kwanu. Wa chipatala aliyense amene angatulutse nkhani ya wodwala, kanenedwe ku komiti, ndipo a komiti muli pano mwamva.

Tsopano chenjezo limene ndikufuna aliyense apite nalo kunyumba. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawa, musamusiyitse mowa mwadzidzidzi panokha. Musamutsekere m'nyumba, musamumange. Thupi lake lazolowera, ndipo mowa ukachoka kamodzin'kamodzi, patangopita maola ochepa amayamba thukuta, kunjenjemera ndi kusanza. M'masiku awiri oyamba akhoza kugwa ngati wa khunyu. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, kuona njoka ndi tizilombo pakhoma, kubwebweta, thupi kutentha. Anthu akaona zimenezi amathamangira kunena kuti walodzedwa, n'kutaya nthawi, pamene matendawa akhoza kupha. Mankhwala ake alipo: timapereka diazepam wochepetsedwa tsiku ndi tsiku moyang'aniridwa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Bwerani naye. Mapemphero apitirire, ife sitiletsa, koma apemphereredwe ali m'manja mwa chipatala. Amene akufunika chithandizo choposa chathu timamutumiza kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko kuli Zomba Mental Hospital, kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandiza anthu omangidwa ndi mowa. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wachita misala.

Amayi ofulula ndi otcheza, ndikudziwa mulipo, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa ana ophunzira a m'mudzi muno aphunzira ndi ndalama imeneyo. Sindinabwere kudzakuchititsani manyazi. Ndikupemphani zinthu ziwiri: mwana wosafika zaka 18 musamugulitse, ngakhale atanena kuti watumidwa, ndipo mayi wapakati kapena munthu amene waledzera kale mubwezeni. Inu mumawadziwa makasitomala anu kuposa ife. Mukaona wina wayamba kugogoda m'bandakucha manja akunjenjemera, munong'onezeni kuti adzatione.

Kwa a komiti ndi mafumu, pempho langa ndi la malo. Pakadali pano wodwala akamayankhula m'chipinda choonera odwala, amene ali pabenchi panja amamva zonse kudzera pazenera. Palibe angayankhe zoona pamalo otere. Tikufuna benchi ija isunthidwe ipite pansi pa mtengo, ndipo kachipinda kaja kosungira makatoni kakonzedwe, kaikidwe chitseko. Alangizi a zaumoyo tiwaphunzitsa kafunsidwe ka mafunso atatu oyamba, kuti azifunsa poyeza BP ndi kulemera, dokotala asanamuone wodwala. Iwo omwewo ndi amene azikumbutsa za tsiku lobweranso, koma kunyumba kwanu afika pokhapokha mwavomera. Masabata oyamba mzere uchedwako pang'ono, tikupempha mutipirire.

Agogo a Gulupu, za chitseko ndi benchi ndazisiya m'manja mwanu, mutiuze tsiku limene anyamata angabwere kudzagwira ntchitoyo. Amene ali ndi funso loti sangafunse pagulu, ine ndi anamwino titsalira pakhonde la sukulu msonkhano ukatha. Zikomo.